Njinga ya Mayi Shiomi ndi Thabwa Losabwerera

Lachiwiri, pa 14 Okutobala, a Kuramochi, wapampando wa bungwe la anthu okhala pa Mtunda wa Kajiya kuno ku Japan, anapana chikalata pa thabwa la zidziwitso n'kulitumiza kuti liyende nyumba ndi nyumba. Chikalatacho chinati pali njinga ina ya batire imene mwini wake waisintha makina kuti izithamanga kuposa mmene lamulo limalolera. Chinati mwini wakeyo wavomera kale ndipo wapepesa. Chinamaliza ndi kulamula kuti njinga yotere isalowenso m'kanjira ka bungwe. Dzina sanalembe, ndipo panalibe chifukwa cholilembera. Njinga ya batire imene imakwera mtunda uno mpaka pamwamba ndi imodzi yokha, ya Mayi Shiomi Fusae, amene amabweretsera okalamba chakudya cha masana.

M'mizere isanu ndi umodzi imeneyo muli mabodza awiri. Mlandu suwola, ndipo uwu suiwalika ngati wa mtengo wa zipatso za kaki umene a Kuramochi anadulitsa pokhota kanjira mu 2017, kapena wa benchi imene anaichotsa pakati pa mtunda ati chifukwa amphaka ankagonapo. Koma choyamba anthu amudziwe munthu amene wanamiziridwayu.

Mayi Shiomi anabadwira pa mtunda womwe uno zaka 62 zapitazo, m'nyumba ya nambala 11, imene lero ndi bwinja lomera nsungwi. Bambo awo ankapala dzimbiri pa zombo ku doko, ndipo madzulo ankafika kunyumba ali psuu ngati njerwa. Mwanayo anakula akutumidwa: katenge mchere kumunsi, kapereke mankhwala kumtunda. Kanjira kathu kopanikizana pakati pa mipanda ya miyala anakadziwa ndi mapazi, poterera mvula ikagwa ndi pamene mwala umagwedera. Atakula anakwatiwa ndi mnyamata wogwira ntchito pa chombo chowolotsa anthu kupita ku zilumba, ndipo iwo analowa ntchito pa fakitale yopera nsomba, kumene anatha zaka makumi awiri ali chiimirire pa simenti yonyowa. Kenako mwamuna anamwalira, fakitale inatsekedwa, mwana wawo mmodzi yekhayo anasamukira ku mzinda waukulu. Ena zikawathera chotero amakhala pawindo n'kumayang'ana nyanja. Mayi Shiomi anapita ku khitchini ya pafupi ndi doko imene imaphikira okalamba, n'kufunsa ngati pali nyumba zimene onyamula chakudya amazikana. Anawauza kuti zilipo zisanu ndi ziwiri, pamwamba pa Kajiya, kumene galimoto sifika.

"Mundipatse zimenezo," anatero. "Kumeneko n'kwathu."

Papita zaka khumi ndi zinayi chiyambire. Tsiku lililonse kupatula Lamulungu, nthawi ikamakwana hafu pasiti teni, amamangirira pa kaliyala bokosi lalikulu losunga kutentha. M'kati mwake mumakhala timabokosi ta mpunga, nsomba yowotcha ndi masamba, ndi timabotolo ta msuzi wa soya wotchedwa miso. Amayamba ndi nyumba za kumunsi kwa tauni, n'kumalizira pamwamba. Lamulo la khitchini n'lakuti chakudya chifike pasanathe maola awiri chichokere pamoto, ndipo kufikira mwezi uno iwo anali asanaphonyepo.

Koma ntchito yawo si kupereka bokosi pakhomo n'kutembenuka. Akafika panyumba amayang'ana ngati makatani atsegulidwa. Amanunkhiza ngati gasi sakutuluka. Amatsegula kabokosi ka dzulo kuti aone ngati munthu anadya kapena anangogwiragwira. Zaka ziwiri zapitazo anapeza Mayi Ukai a nyumba ya nambala 25 atagwa m'bafa, ndipo chimene chinawalowetsa m'nyumbamo n'chakuti nsapato za mayiwo zinali pakhomo koma wailesi inali chete. Zoterezi sizinalembedwepo pa thabwa la zidziwitso.

Mdani wawo zaka zonsezi anali tcheni. Njinga yawo ili ndi mota pakati, pamene pali mapedulo, choncho mphamvu ya mota ndi ya mwendo zonse zimadutsa pa tcheni chimodzi. Ndiye muwonjezepo katundu, mtunda woima ngati khoma, ndi mphepo ya mchere yochokera ku nyanja. Tcheni chinkatanuka, chikatanuka chinkadya mano a magiya, mano akatha chinkadumpha. Kachitsulo kosinthira magiya kolendewera pambali pa tayala lakumbuyo kankagunda miyala ya mpanda n'kupindika. Pachaka ankatha matcheni atatu. M'thumba mwawo simunkasowa magolovesi ndi kasopo, chifukwa munthu sungabwezeretse tcheni n'kugwira chakudya cha ena ndi manja a girisi.

Mwezi wa Ogasiti, kukutentha, tcheni chinaduka pokhota paja panali mtengo wa kaki. Pedulo inapita pansi yopanda choigwira, njinga inapendekeka, bondo lawo lamanzere linamenya mwala. Msuzi wa nyumba zitatu unatayika. Anapepesa nyumba zonse zitatu, ndipo madzulo ake anakankha njinga mpaka kwa a Nogami, makaniko wa pafupi ndi siteshoni, amene anaphunzira nawo kalasi imodzi ku pulayimale.

"Wabweranso?" anatero a Nogami osadzuka pa kampando kawo. "Tcheni chimenechi ndinakuikira mu Epulo. Umachita kuchidyera mpunga kodi?"

"Ukanakhala makaniko weniweni bwenzi ndikumabwera kamodzi pachaka, kudzangoona ngati ukadali moyo."

"Makaniko alibe mlandu. Wanenepa."

"Ndanenepa ine? Iwe mapazi ako unawaona liti komaliza?"

A Nogami anaseka, n'kutenga zidutswa za tcheni zija, kuzizunguza pa chala. Kenako analowa kuseri n'kutulukako ndi chinthu chakuda chopindika ngati njoka, cha mano m'kati mwake.

"Tamvera, Fusae. Ndikhoza kukuikira tcheni china, ndipo pofika Disembala udzabweranso kudzanditukwana. Kapena tichotse zonsezi. Uyu ndi lamba wa mano. Sachita dzimbiri, safuna oyilo, sadetsa manja. Magiya ndikuikira a m'kati mwa habu ya tayala lakumbuyo, otsekeredwa, oti mchere ndi miyala siziwapeza. Ukhoza kusintha giya utaima, ngakhale pakati pa mtunda."

"Ndiye unali kuti zaka zonsezi?"

"Ndinkaopa kuti usiya kubwera."

"Chovuta chake n'chiyani? Usandibisire, ndimakudziwa."

"Tcheni chimamasuka, lamba ndi mkombero wopanda pomasulira. Kuti alowe ndiyenera kudula chitsulo chimodzi cha felemu kumbuyoku, n'kuikapo cholumikizira cha mabawuti."

Mayi Shiomi anasisita felemuyo. Njinga imeneyi inali itawanyamula zaka zisanu ndi zitatu, ndipo kumva zoidula kunawapweteka ngati akunena za mwendo wawo. Koma bondo linali likuwawa, ndipo ankakumbukira nkhope ya Mayi Ukai polandira kabotolo kopanda msuzi.

"Udule," anatero. "Koma mota usaikhudze. Sindikufuna kukakhala pa benchi ya apolisi ndi imvi izi."

Apa m'pamene pali bodza loyamba la a Kuramochi, ndiye ndilifotokoze bwino. Lamulo la dziko lino la Japan limati mota ya njinga yotere izingothandiza mwendo, ndipo ileke kuthandiza liwiro likafika makilomita 24 pa ola. Munthu wofuna kuba liwiro amasintha kuchuluka kwa mano kutsogolo ndi kumbuyo, kapena amatsegula mota. A Nogami sanachite chilichonse cha zimenezi. Anasankha mano oti pedulo ikazungulira kamodzi pa giya yaikulu, tayala lisapite patali kuposa kale. Utoto wofiira umene fakitale inapaka pa mabawuti a mota ukadali wosasweka. Ine ndinaphunzitsa za makina zaka 34, ndipo manowo ndinawawerenga ndekha, kawiri.

Njinga inatuluka pakati pa Seputembala. Tsiku loyamba Mayi Shiomi anakwera mtunda wonse osatsika, osadumpha dzino ngakhale limodzi, n'kufika pamwamba manja ali oyera. Anaimika njinga pa nyumba yomaliza, ya nambala 29, ya a Hirabayashi, nkhalamba ya zaka 88 imene inawotcherera zitsulo za zombo moyo wake wonse mpaka maso anachita khungu. Anagogoda n'kulowa monga mwa masiku onse. Anapeza mkuluyo ali m'kabudula wam'kati, akufufuza thalauzi ndi phazi.

"Ndani ameneyo?"

"Ndine, achikulire. Chakudya."

"Wabwera pa chiyani? Wauluka?"

"Pa njinga yomwe ija. Ndaika lamba m'malo mwa tcheni."

"Zaka zonsezi tcheni chako chikalira pa chitsa cha kaki ndinkadziwa kuti ndili ndi mphindi zitatu zovalira thalauzi. Lero ukubwera mwakachetechete ngati imfa. Tembenuka uko, mwana wopanda ulemu."

"Ndaonapo miyendo yabwino kuposa imeneyo pa nkhuku za m'sitolo."

"Ndiye pita ukaperekere nkhukuzo chakudya."

Anaseka onse awiri, nkhaniyo n'kuthera pomwepo. Mayi Shiomi amavomera okha kuti apa analakwitsa: mkuluyo anawatsina khutu, iwo anangoyesa nthabwala. Anthu a m'kanjira kano anazolowera kuimva njingayo asanaione, ndipo tsopano sinkamvekanso.

Lachinayi, pa 9 Okutobala, anali kutsika pang'onopang'ono, manja ali pa mabuleki. Nyumba ya a Kuramochi ndi yoyamba kumunsi, ndipo miphika yawo ya maluwa a kiku amaindandalika kunja kwa mpanda, m'kanjira momwe, ngakhale kuti anali iwo omwe amene analetsa anthu kuika zinthu m'kanjira mu 2019. Tsikulo anatuluka pa geti chobwerera m'mbuyo, atakumbatira mphika wa duwa loyera lalikulu ngati mutu wa khanda, limene analilera chaka chathunthu kuti akalionetse ku chionetsero cha maluwa. Mayi Shiomi anaima, patatsala mikono iwiri.

"Zikomo, bambo," anatero motsitsa mawu.

A Kuramochi anadzidzimuka, manja n'kutseguka. Mphika unasweka, ndipo duwa linathyoka pakhosi. Njinga sinawakhudze. Kwa kanthawi onse awiri ankangoyang'ana duwalo lili gone pa miyala.

"Njinga yanji yoyenda ngati mzukwa?" anafunsa a Kuramochi. "Mwaichita chiyani?"

"Ndinachotsa tcheni, bambo, n'kuika lamba."

"Mwaisintha."

"Tcheni ndi magiya okha."

"Ndamva. Mwaisintha."

Mawa lake masana, atamaliza ntchito, Mayi Shiomi anagula bokosi la makeke a nyemba zotsekemera ku sitolo yabwino ya pa siteshoni, analikulunga m'nsalu, anavala malaya awo opitira ku maliro ndi ku maukwati, n'kukaima pakhomo pa a Kuramochi. Anawerama mpaka msana kuwongoka ngati tebulo, n'kunena kuti pepani chifukwa cha duwa, ndakupweteketsani mtima. Aliyense wobadwira kuno akudziwa chimene makeke otere amatanthauza. Munthu amapepesa kuti mnzake wataya chinthu chimene anachikonda, kuti mawa mudzathe kupatsana moni m'kanjira. A Kuramochi akudziwanso zimenezi, pakuti ndi munthu wa zaka 74 amene anagwira ntchito mu ofesi moyo wake wonse. Analandira makeke, anadya, ndipo patatha masiku anayi analemba kuti mwini njinga wavomera. Ili ndi bodza lachiwiri, ndipo ndi loipa kuposa loyamba, chifukwa anatenga ulemu wa munthu n'kumukwapula nawo.

Thabwa lija limayambira kwa wapampando n'kumakwera. Nyumba iliyonse imawerenga, imadinda chidindo cha banja pa malo ake, n'kupereka kwa oyandikana nawo. Ambiri timadinda osawerenga, ndipo ngakhale changa chilipo pa chikalata chimenecho; manyazi ake ndikusenza. Koma kuyambira nyumba ya nambala 23 kupita kumtunda nyumba n'zotalikirana, ndipo eni ake sangathe kuyenda pa miyala. Zaka zonsezi amene wakhala akulinyamula thabwalo kumeneko, n'kulitsitsira kwa wapampando likatha, ndi Mayi Shiomi. Palibe anawatuma. Ankangoliika pamwamba pa bokosi la chakudya.

Lachisanu, pa 17, mayi wa nyumba ya nambala 22 anawapatsa thabwalo maso ali pansi. Mayi Shiomi anawerenga ataima m'kanjira, mwendo umodzi uli pa pedulo. Anabwereza kuwerenga. Akanatha kulisiya pa mpanda, ndipo palibe akanawadzudzula. Koma msuzi unali kuzizira, ndipo thabwa ndi thabwa, liyenera kuyenda. Analiika pamwamba pa bokosi n'kupalasa. Nyumba zisanu ndi imodzi zinadinda iwo ataima pakhomo, ndipo palibe amene anavala magalasi kuti awerenge.

A Hirabayashi saona zolemba, ndiye nthawi zonse amawawerengera.

"Lero kuli chiyani? Tsiku losesa kachisi?"

Mayi Shiomi anawerenga mizere yonse isanu ndi umodzi ndi mawu osagwedera, ngati akuwerenga za tsiku lotaya zinyalala. Mkuluyo anasiya timitengo todyera.

"Bwereza pamene akuti wavomera."

Anabwereza.

"Unavomera chiyani?"

"Ndinapepesa za duwa."

"Makeke anadya?"

"Sanabweze."

"Ndipatse thabwalo."

"Chidindo chanu chili m'kabati, ndikutengereni?"

"Ndati thabwa." Analilandira, analipapasa m'mbali mwake, n'kuliika pansi pa ketulo ya tiyi. "Tebulo langa lakhala likupsa ndi ketulo imeneyi kuyambira mkazi wanga ali moyo. Lero ndapeza choikapo."

"Achikulire, mundiyambitsira nkhondo."

"Nkhondo yayamba kale, mwanawe. Iwe ndiwe wangochedwa kumva."

Komabe Mayi Shiomi si munthu wolimbana ndi zidindo 27. Kuyambira Loweruka anayamba kusiya njinga pansi pa mtunda. Anabwereka chonyamulira cha kumsana chimene anthu akale ankakwezera malasha, anamangirirapo bokosi, n'kumakwera wapansi. Kanjirako ndi kotalika mamita mazana asanu ndi limodzi, ndipo palibe pamene pali posalala. Tsiku loyamba anachedwa ndi mphindi makumi awiri. Pofika Lachiwiri bondo lija linali litatupa ngati mpira, ndipo anafika pamwamba itadutsa wani koloko, msuzi utazizira.

Tsiku lomwelo mkulu wa khitchini anawaitanira pambali. Anati a wapampando anaimba foni kunena kuti anthu onse a pa Kajiya agwirizana zoletsa njingayo. Anati iye sangalole chakudya kufika maola awiri atadutsa, ndipo sangatumize njinga kumene yaletsedwa. Ngati pofika Lachisanu pa 31 Okutobala sipabwera kalata ya bungwe, ya chidindo cha wapampando, yonena kuti njinga ikuloledwa, nyumba zisanu ndi ziwiri za pamwamba azichotsa pa mndandanda.

"Ndiye azidya chiyani?" anafunsa Mayi Shiomi.

"Mabanja awo aone chochita."

"Mabanja ake ati? A Hirabayashi anaika onse."

Mkulu wa khitchiniyo sindimuimba mlandu. Lamulo la maola awiri analiika kuti okalamba asadwale m'mimba.

Lachitatu, pa 22, akukwera ndi katundu kumsana, Mayi Shiomi anapeza munthu atatsamira mpanda pakati pa mtunda. Anali a Kuramochi, atavala nsapato zachikopa ndi jekete, nkhope ili yofiira, akupuma ngati mvukuto. Thabwa linali litachedwa masiku asanu, ndiye anaganiza zokalitenga okha. Anaima ndendende pamene panali benchi ija, ndipo maso awo ankafunafuna pokhala.

Mayi Shiomi anatula katundu, anatsegula botolo lawo la tiyi, n'kuthira m'chivundikiro.

"Imwani, bambo. Apa m'pakati penipeni. Kumtundaku n'koima kuposa apa."

A Kuramochi anamwa. Sanathokoze, sanafunse za bondo limene linali lomangidwa bandeji poonekera. Anabweza chivundikiro n'kuyamba kutsika atagwira mpanda.

Mayi Shiomi atafika kwa a Hirabayashi anapeza foni ikulira. Mkuluyo amakweza mawu a foni mpaka mapeto, ndiye zonse zinamveka. Anali a Kuramochi.

"Bambo Hirabayashi, thabwa la bungwe lili kwanuko. Mulipereke kwa mayi wa chakudya alitsitse."

"Mayi uti? Uja munamuletsa?"

"Ndinaletsa njinga, osati munthu."

"Munthuyo manja ali nawo awiri ndi bondo limodzi, ndipo zonsezo zili pa ntchito yondidyetsa ine. Thabwa lanu lili pano, likumwa tiyi. Mukalifuna bwerani, a wapampando. Nyumba yomaliza, simungasochere."

Anadula foni, n'kutembenukira kumene kunamveka kupuma kwa Mayi Shiomi.

"Pita pa khomo la kuseri. Pali kabelu kamkuwa kolendewera pa msomali. Ndinakadula pa paipi ya chombo chaka chimene iwe unkayamba sukulu. Kamange pa njinga yako kuti anthu azivala mathalauzi."

Madzulo ake Mayi Shiomi anapita nako kwa a Nogami. Makanikoyo anakamangirira pansi pa kaliyala ndi waya, pamalo poti kazigwedezeka njinga ikaponda mwala uliwonse.

"Ndinavutika masiku atatu kuti njinga imeneyi ikhale chete," anadandaula. "Tsopano ukuiveka belu ngati ng'ombe."

"Manga, usalongolole. Ndipo undilembere pepala la zimene unasintha ndi zimene sunakhudze. Udinde chidindo cha sitolo, osati chala chako cha girisi."

Lachinayi Mayi Shiomi anakankha njinga mpaka ku kanyumba ka apolisi ka pa siteshoni, kumene anati sakufuna kukakhala ndi imvi zawo, n'kupempha okha kuti aiyese. Wapolisi anayang'ana utoto wa pa mabawuti, anawerenga pepala la a Nogami, anaikwera m'mbali mwa doko kupita ndi kubwera. Anati mota ikusiya kuthandiza pamene iyenera kusiyira, ndipo sakuona cholakwa.

Panatsala chinthu chimodzi, ndipo chinapezeka m'kabuku ka malamulo a bungwe kamene nyumba iliyonse inalandira mu 2016. Ndime yachisanu ndi chinayi imati chidziwitso choletsa chinthu chimayamba kugwira ntchito thabwa likabwerera kwa wapampando lili ndi zidindo za nyumba zonse. Amene analemba ndimeyo ndi a Kuramochi. Thabwa silinabwerere, ndipo chidindo chimodzi palibe. Mayi Shiomi atasonyezedwa ndimeyo anaiwerenga chala chili pa mzere, n'kufunsa funso limodzi lokha.

"Ndiye kuti masiku onsewa ndimakwera wapansi popanda lamulo londiletsa?"

Anauzidwa kuti inde. Anapukusa mutu, anasisita bondo, n'kuseka pang'ono.

Lachisanu, pa 24, itangodutsa hafu pasiti leveni, kabelu kamkuwa kanamveka pansi pa mtunda. Mayi Shiomi anadutsa pa geti la a Kuramochi pang'onopang'ono, anaweramitsa mutu kwa katani imene inagwedezeka pawindo, anasintha giya, n'kuyamba kukwera. Lamba sanadumphe, sanalire. Kabelu kokha n'kamene kankanena kuti ngele, ngele pa mwala uliwonse, ndipo zitseko zinkatseguka iwo asanafike. Mayi Ukai anali ataima kale pakhomo, manja ali m'mwamba kulandira kabokosi. Pa nyumba yomaliza anapeza a Hirabayashi atakhala pa tebulo, thalauzi lili m'chiuno, timitengo tili m'manja.

"Mphindi zinayi," anatero mkuluyo. "Kabelu kanga kamamveka patali kuposa tcheni chako chija. Msuzi ndi wotentha?"

"Muwotche lilime muone."

Umu ndi mmene zilili lero, Lolemba pa 27 Okutobala. Njinga ikukwera, ndipo a Nogami akuti lambayo adzaona matcheni khumi akutha iye akadali. Vuto la kusamveka linali loona, ndipo latha ndi kachidutswa ka paipi. Koma khitchini ikudikirabe kalata, ndipo pepala la makaniko kapena mawu a wapolisi sizingalowe m'malo mwa chidindo cha wapampando. Mayi Shiomi anakagogoda kwa a Kuramochi Loweruka, ndipo akazi awo anati bambo sali bwino. Dzulo bambo osakhala bwinowo anaoneka akuthirira maluwa m'kanjira. Kwatsala masiku anayi kuti anthu asanu ndi awiri, wamng'ono mwa iwo wa zaka 79, achotsedwe pa mndandanda wa chakudya chifukwa cha duwa limodzi limene mwini wake analigwetsa yekha.

A Kuramochi, munalemba kuti makina a njinga imeneyi anasinthidwa kuti izithamanga. Tchulani chitsulo chimene chinasinthidwa kuti chiwonjeze liwiro, ndipo mutchule amene anayeza. Ngati simungathe, lembani kalata ya ku khitchini, muidinde, ifike Lachisanu lisanakwane, ndipo pa thabwa lotsatira mulembe kuti Mayi Shiomi anapepesa za duwa basi. Kukwera mtunda sikofunika, kalatayo adzakunyamulirani okha pa njinga yomweyo. Kodi mulemba kapena simulemba? Tiyankheni.